Linki yonyamulira pulawo ikathyoka pa thirakitala yaing'ono: kapangidwe ka ina

Malume anga ali ndi kamunda ka masamba cha ku Domboshava, kufupi ndi Harare, ndipo amalima ndi kathirakitala kakale ka ku Japan kamene anagula kwa munthu. Tsiku lina mu Okutobala, dothi lili gwa ngati njerwa yootcha, anandiimbira foni. "Mphwanga, pulawo yagwera mbali imodzi, ikukana kudzuka. Ubwere ndi zida zako." Nditafika ndinapeza kuti chathyoka ndi chitsulo chija chimatsika kuchokera pa kamkono kapamwamba, kamene kamakwezedwa ndi hayidiroliki, n'kukagwira mkono wapansi pomwe pamakoledwa pulawo. Amakaniko amati lift link. Ife timangoti linki.

Ikanakhala Massey Ferguson bwenzi nkhani itatha tsiku lomwelo, chifukwa zida zake zili mbwee m'masitolo a mu Harare. Koma timathirakitala ta m'dimba iti, ta Kubota, Iseki, Yanmar ndi tina totchetchera kapinga timene anthu amatimangirira khasu kumbuyo, mutha kuyenda kuchokera ku Graniteside mpaka ku Msasa chitsulo chothyokacho chili m'manja, aliyense akungopukusa mutu. Ndiye timapanga tokha. Si ntchito yovuta kwa munthu wodziwa kuwotcherera, koma ili ndi misampha yake, ndipo waukulu ndi uwu: chitsulo chothyokacho chimanama. Chinatamuka, chinakhota, mabowo ake anakula. Mukakopera icho mukopera matenda ake omwe.

Tsitsani pulawo kaye

Imikani thirakitala pamalo osalala, makamaka pa simenti. Tsitsani pulawo ikhale pansi, zimitsani injini, kenaka sunthani chogwirira cha hayidiroliki m'mwamba ndi pansi kangapo kuti mphamvu yotsalira ithe. Ikani miyala kapena zipika kumatayala. Musalowetse mutu kapena dzanja pansi pa chida chimene chalenjekeka pa hayidiroliki yokha, ngakhale kwa kamphindi. Chotsani malinki onse awiri, wothyoka ndi wamoyo, ndipo musanachotse jambulani ndi foni mbali zonse. Pobwezera mudzaiwala kuti mphanda ya kumapeto kwa linki imayang'ana kuti.

Yang'anani pothyokapo

Tengani zidutswa ziwirizo mupite nazo padzuwa. Ngati mbali ina ya pothyokapo ndi yakuda, yadzimbiri ndi yosalala, pomwe mbali ina ikunyezimira, ndiye kuti mng'alu unayamba kalekale n'kumayenda pang'onopang'ono. Tsiku lothyokalo chinangomalizika. Mng'alu wotere uli ndi chifukwa chake. Kawirikawiri ndi mapini a gwedegwede m'mabowo okula, kapena matcheni oletsa pulawo kuyenda uku ndi uku amene anamasuka, kapena chizolowezi chothamanga m'njira ya mabampu pulawo ili m'mwamba. Ngati pothyokapo ndi pamene wina anawotchererapo kale, musavutike kufufuza zambiri.

Kumbukirani kuti linki imanyamula zoposa kulemera kwa chida. Tiyerekeze kuti kumapeto kwa mikono yapansi kwalemera makilogalamu 100, ndipo malinki agwira pakatikati pa mikonoyo. Ndiye kuti malinkiwo akukoka makilogalamu 200, thirakitala itangoima. Ikagwa m'dzenje, kugwedezako kumachulukitsa kangapo.

Onaninso mtundu wa chitsulocho. Chikhudzitseni pa girayinda. Chitsulo wamba chimathetheka moto wautali wachikasu. Cast iron, chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole, imatulutsa timoto tatifupi tofiirira, ndipo pothyoka pake pamaoneka potuwa, pa timchenga. Ngati chothyoka ndi kamkono kapamwamba ndipo ndi ka cast iron, musakalumikize ndi rodi wamba yowotcherera n'kunyamulira katundu. Kadzathyoka pomwepo, tsiku limene phazi la munthu lili pansi pake.

Muyezo, pomwe pagona nkhani

Muyezo wofunika ndi umodzi: kuchokera pakati pa bowo lapamwamba kufika pakati pa bowo lapansi. Pakati pa bowo palibe pokhudzitsa tepi, ndiye chitani chonchi. Lowetsani mapini m'mabowo a linki yamoyo ija, ikokeni kuti mapini akhale kumapeto monga amakhalira ponyamula, yezani kuchokera kunja kwa pini ina kufika kunja kwa inzake, kenaka chotserani kunenepa kwa pini imodzi. Mukapeza mamilimita 316 ndipo mapini onse ndi a 16, linki yanu ndi ya 300. Ngati mabowo a yamoyoyo nawonso atha n'kukhala ngati dzira, yang'anani kumene bowo lidakali lozungulira bwino, chifukwa limadyeka mbali imodzi yokha, mbali yokokedwa, ndipo muchotsere pamene ladyekapo.

Nanga ngati malinki onse awiri anataika, kapena amene alipo ndi opangidwa ndi munthu wina amene simukumukhulupirira? Apa funsani thirakitala yomwe. Tsitsani timikono tapamwamba mpaka pomalizira. Yezani kutalika kwa mapini a pulawo kuchokera pansi, pulawo itakhala pa simenti. Mikono yapansi iyenera kutha kutsika kuposa pamenepo ndi muyezo wa kuzama kumene mumalima, apo ayi pulawo izingokanda pamwamba ngati nkhuku. Ikani zipika pansi pa mikonoyo kuti ikhale pamlingo umenewo, kenaka yezani pakati pa mabowo awiri aja, la kamkono kapamwamba ndi la mkono wapansi.

Musadule chitsulo. Tengani kathabwa, bowolani mabowo awiri pa muyezo umenewo, kakoleni ndi mabawuti, popanda pulawo. Lizani injini, kwezani pang'onopang'ono mpaka pamwamba penipeni, maso ali pa mkono wapansi. Usagunde kalikonse: madigadi, tayala, mpando, chotchingira shafuti ya PTO, ija ya kumbuyo yozunguza zida. Linki ikafupika kwambiri, mkono umagunda chinthu hayidiroliki isanafike pomalizira, ndipo mphamvu yonse ya pampu imathera pa linkiyo. Thabwa likathyoka mwataya thabwa. Malume anandiseka pondiona ndikusema matabwa, amati kodi ndasanduka kalipentala wa ku Glen View, dera la mu Harare lotchuka ndi opanga mipando, koma kathabwako n'kamene kanationetsa kuti linki yawo yakale inali yaifupi ndi chala chathunthu.

Pa katoni jambulani mphanda yapansi, ija imakumbatira mkono. Ikhale yakuya mokwanira kuti mkono uzikwera ndi kutsika osakhudza m'khosi mwa mphandayo.

Kukula kwa mapini kuli ndi malamulo ake. Kakoledwe aka ka nsonga zitatu, mikono iwiri yapansi ndi chokolera chimodzi chapamwamba chotchedwa top link, kanachokera kwa Harry Ferguson, amene analembetsa luso lake ku Britain mu 1926, ndipo pambuyo pake kanagawidwa m'magulu. Category 0, ya timathirakitala tosapitirira mahachi 20, ili ndi mapini a 5/8 ya inchi, pafupifupi mamilimita 16, pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo mikono yapansi imatalikirana pafupifupi mamilimita 500. Category 1 ili ndi pini ya mamilimita 19 pa top link ndi ya 22 pa mikono yapansi. Awa ndi mapini okolera chida. A linki yeniyeniyo amasiyana malinga ndi wopanga, ndiye yezani ndi vernier, kachida koyezera kunenepa, osaganizira. Timathirakitala tina tilibe nsonga zitatu, tili ndi chimango chimodzi chokoledwa ndi pini imodzi, chimene amati sleeve hitch, chokwezedwa ndi ndodo imodzi. Kayezedwe ndi kapangidwe ka ndodoyo n'chimodzimodzi.

Kugula chitsulo

Pa mapini a 16, masaya awiri a mphanda apangeni ndi flat bar, chitsulo chophwatalala, ya mamilimita 50 kwa 8 kapena 50 kwa 10. Thupi la linki likhale round bar, chitsulo chobulungira, ya 20, kapena flat bar yonenepa. Nayi njira yopulumutsa ntchito: sankhani chitsulo chapakati chonenepa kuposa mkono wapansi ndi mamilimita awiri kapena atatu. Mukachipana pakati pa masaya awiri aja, mpata wa mphanda umadzipanga wokha.

Chitsulo chatsopano mumachipeza kwa ogulitsa zitsulo ku Workington, Southerton ndi Graniteside. Zidutswa zotsala zimapezeka ku Magaba ku Mbare, ndipo pa ntchito yaing'ono ngati iyi n'zokwanira, bola mudziwe chimene mwagwira. Safunsa anadya phula: funsani kuti chidutswacho chinachokera ku chiyani, ndipo yendani ndi tupa m'thumba. Chitsulo wamba tupa imachidya mosavuta. Ikamaterereka, chisiyeni. Masipuling'i a galimoto amakopa chifukwa ndi olimba, n'zoona amapanga makasu ndi nkhwangwa zabwino, koma mukawawotcherera amang'aluka m'mphepete mwa chowotchereracho. Chitsulo cha mizeremizere chomangira nyumba nachonso ayi. Chopaka zinki, chotuwa chija, utsi wake umadwalitsa. Ngati palibe china, palani zinkiyo ndi girayinda kaye ndipo wotchererani panja.

Kumapeto kwapamwamba kwa linki kumafuna kusuntha mbali zonse, pakuti linki siima chilili; imapendekeka, ndipo kupendekekako kumasintha mkono ukamakwera. N'chifukwa chake opanga amaikapo kampira kachitsulo kozungulira m'chisa chake, kapena mfundo ya mapini awiri opingasana. Ngati kumapeto kwa linki yakale kuli bwino, kuduleni n'kukugwiritsanso ntchito. Apo ayi, m'masitolo a zida za ulimi mumapezeka timipira towotcherera totere, ball end, ta masaizi osiyanasiyana.

Ine linki yanga yoyamba, zaka zapitazo, ndinaipanga yokongola, mphanda pamwamba mphanda pansi, zonse zothina bwino, popanda pogwedera. Ndinanyadira. Inatha masiku atatu. Pulawo itangokhotera kumbali pamzere wa kumapeto, linki inalibe kopumira, inathyoka m'khosi mwa mphanda kuti phwa. Kuyambira pamenepo ndimasiya mpata.

Kudula ndi kubowola

Dulani masaya awiri ofanana. Agundanitseni, awotchererani timadontho tiwiri m'mbali kuti akhale ngati chitsulo chimodzi, ndipo muwabowole pamodzi. Mukabowola lililonse palokha, pini idzalowa mokhota, kapena kukana kumene.

Kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete mwa chitsulo pasachepere kunenepa kwa pini kamodzi ndi theka. Pa pini ya 16 ndiye mamilimita 24, n'chifukwa chake tasankha flat bar ya 50. Kumapeto, kumene pini imakokera, siyani 30. Lembani ndi chokandira chakuthwa, osati choko, menyani panchi pakati, yambani ndi biti ya 6, kenaka ya 12, n'kumalizira ya 16.5. Theka la milimitalo ndi mpata wa girisi ndi fumbi. Biti yaikulu imafuna kuzungulira pang'onopang'ono, maulendo 400 mpaka 500 pa mphindi, ndi kudonthezera oyilo. Ikayamba kulira mokweza n'kutulutsa fumbi m'malo mwa timizere topotana, yabuntha kapena mukuthamangitsa. Panani chitsulo pa vayisi, osagwira ndi dzanja, ndipo vulani magolovesi pa dirilo yoimirira, chifukwa biti ikagwira golovesi imakoka ndi chala chomwe.

Ndimaona anyamata ena akubowola ndi rodi, kukweza moto n'kuboola chitsulo ngati akuboola pulasitiki ndi msomali wotentha. Pa geti kapena mbaula palibe vuto. Pa linki ayi: bowo lotere ndi la manomano, limadya pini, ndipo m'mphepete mwake ndi momwe ming'alu imayambira. Ngati mulibe dirilo yamphamvu, lipirani wa makina akubowolereni. Mukatha, zunguliritsani makona ndi girayinda, chotsani timinga ta m'mabowo ndi tupa, kenaka lekanitsani masayawo.

Kuwotcherera

Pangani kachipangizo kogwirira. Pa chitsulo chophwatalala kapena pa tebulo lanu imikani mabawuti awiri pa muyezo uja wa pakati ndi pakati. Kolekani kampira pa bawuti imodzi, masaya pa inzake, ikani thupi la linki pakati. Motero muyezo suthawa ngakhale chitsulo chitakoka ndi moto. Onaninso chithunzi chija cha pa foni: pa mathirakitala ena bowo lapamwamba ndi lapansi sayang'ana mbali imodzi, ndipo mphanda imapotoka pang'ono.

Thupi lilowe pakati pa masaya mamilimita 50 kapena 60, kuti muwotcherere m'litali mbali zonse zinayi. Osangogundanitsa mutu ndi mutu. Pamene kugundanitsa sikungapeweke, monga pa kampira, songolani kumapeto kwa round bar mbali ziwiri kuti pakhale ngalande yooneka ngati V, moto ulowe mpaka pakati, kenaka dzazani mizere iwiri kapena itatu, mukugogoda nkhoko zake pakati pa mzere uliwonse. Palani dzimbiri, penti ndi girisi mpaka chitsulo chiwale.

M'kati mwa mphanda ikani kachidutswa konenepa ngati mpata umene mukufuna, pini ili m'malo, chifukwa masaya amakonda kutsekeka akamazizira. Yambani ndi timadontho, yesani pa thirakitala, kenaka malizani. Wotchererani mbali iyi pang'ono, tembenuzani, mbali inayo pang'ono.

Rodi ya 6013 ndi imene aliyense ali nayo, ndipo pa chitsulo wamba choyera imagwira. Koma pa chinthu chonyamula katundu mogwedezeka, makamaka polumikiza kampira, ine ndimafuna 7018. Ya mamilimita 3.2 imayenda bwino pa maampu 110 mpaka 130. Vuto lake imadana ndi chinyezi. Gulani ya m'paketi yotseka, osati yogula imodziimodzi imene yagona panja dzinja lonse. Makina akale a thiransifoma ena amavutika kuiyatsa. Makina atsopano a inverter amayatsa bwino. Kajenereta kakang'ono sikakoka rodi ya 3.2, moto umangodukaduka n'kusiya chowotcherera chokhala pamwamba ngati phala. Kuli bwino kudikira magetsi, ngakhale abwere usiku. Kampira katenthetseni pang'ono musanayambe, koti dzanja silingakhudze, ndipo samalani kuti timadontho ta moto tisagwere m'chisa chake.

Mukamaliza yang'anani m'mphepete mwa chowotchereracho. Ngati moto wakumba kangalande m'chitsulo, dzazani, chifukwa mng'alu umayambira pomwepo. Ndipo chonde, musaponye linki m'ndowa ya madzi kuti izizire msanga. Malume anali atatunga kale madzi. Ndinati, "Malume, madziwo tisambe m'manja, chitsulochi chigone mumchenga." Ikwirireni mumchenga wouma kapena ingoisiyani pansi izizire yokha.

Ngati pali chofunika kuwotcherera pa thirakitala penipeni, chotsani waya wa batire, ikani chopanira cha earth pafupi ndi pomwe mukuwotcherera kuti moto usadutse m'maberingi, ndipo talikirani thanki ya mafuta ndi mapaipi a hayidiroliki.

Linki ya kumanja

Pa mathirakitala ambiri linki ya kumanja ndi yosinthika kutalika, kuti pulawo ikhale yowongoka pamene tayala lakumanja likuyenda mumzere. Ngati yathyoka ndi imeneyo, dulani thupi pawiri. Mbali ina ikhale ndodo ya mazinga ya M20, yonenepa mamilimita 20, ya giredi yolimba ya 8.8, zambiri zogulitsidwa m'mahadiweya ndi za 4.8, zofewa, ndiye funsani. Mbali inayo ikhale paipi yonenepa khungu, kumapeto kwake mutawotcherera nati yaitali. Ngati mukugwiritsa manati awiri wamba, awotchererani ndodo ili m'kati kuti mazinga agwirizane. M20 imayenda mamilimita 2.5 pa kuzungulira kumodzi, ndiye posintha mumachotsa pini yapansi, kupotoza mphanda theka kapena kamodzi, n'kubwezera. Ndodo izikhala m'kati mwa nati mamilimita osachepera 30 nthawi zonse. Pakani penti yofiira pamalirepo kuti wolima akaiona aleke kumasula. Onjezani nati ina yomangira. Zokokera waya wa mpanda zimafanana ndi chipangizo ichi, koma si za ntchito imeneyi.

Mapini ndi mabowo okula

Linki yatsopano pa pini yakutha ndi ntchito yobwereza. Pini yabwino ndi yogula, kapena yosemedwa pa lathe, makina osemera chitsulo, kuchokera ku chitsulo cholimba chotchedwa EN8. Bawuti ya 8.8, nambala yake yolembedwa pamutu, imagwiranso ntchito, bola ikhale yaitali kuti mbali yosalala ndi imene ikhale m'mabowo. Mazinga akakhala m'bowo amalidya ngati tupa. Dulani mazinga otsala, palani kamalo kophwatalala, menyani panchi, bowolani kabowo ka 4 kapena 5, muikemo R-clip, kawaya kotsekera kooneka ngati chilembo cha R. Msomali wopinda umagwa tsiku lomwe mwaiwala kuuyang'ana.

Bowo la pa mkono wapansi likakhala ngati dzira, likulitseni likhalenso lozungulira, wa lathe akusemereni bushi yolowa mothina, m'kati mwake 16.5. Onetsetsani kuti m'mphepete mwa mkono mwatsala chitsulo chokwanira. Ngati mwachepa, wotchererani mbale yolimbitsa mbali zonse ziwiri musanabowole.

Kuyesa

Musapake penti kaye, penti imabisa ming'alu. Mangani malinki, pakani girisi m'mapini, kwezani ndi kutsitsa kangapo popanda chida. Pamwamba penipeni zimitsani injini, gwirani linki ndi dzanja muigwedeze. Iyenera kugwedera pang'ono. Ikakhala yolimba ngati yamangidwa, penapake pakupanika, fufuzani, palani. Kankhani mikono yapansi uku ndi uku, ndipo mangani matcheni kuti ndiwo aziimitsa mikonoyo isanafike pa tayala komanso linki isanayambe kupotoka.

Kenaka kolani pulawo, kwezani chikhatho chimodzi kuchokera pansi, anthu onse atatalikira, isiyeni mphindi zingapo. Tsitsani, yang'anani mowotcherera monse. Yezani kuchokera pansi kufika pa pini ya kumanzere ndi ya kumanja. Pa simenti zifanane, za kupendeketsa mukasinthira kumunda. Limani mizere iwiri kapena itatu pamalo ofewa, imani, pukutani fumbi, yang'ananinso m'khosi mwa mphanda ndi pa kampira. Kamzere kopyapyala ngati tsitsi ndi mng'alu. Kapaleni mpaka kathe, muwotcherere mwatsopano. Ngati palibe, limani tsiku lonse, madzulo muyang'anenso, ndipo mukapeza zili bwino chotsani linki, itsukeni ndi petulo pang'ono, pakani red oxide yoletsa dzimbiri ndi penti pamwamba, kusiya m'mabowo ndi pa mazinga. Kathabwa kaja ndi katoni lembanipo muyezo ndi dzina la thirakitala, muzipachike pa msomali m'shedi. Ya kumanzere ya Malume inali ndi zaka zofanana ndi yothyokayo, ndiye Loweruka lotsatira tinapanganso imeneyo pa kachipangizo komweko.